Mwezi Umene Rihab Anathyola Azitona a Eni

Fulvio Pannacci anatenga mwana wa eni, amene anawoloka nyanja kudzaphunzira Chitaliyana, n'kumusandutsa khasu lake. Dzinalo ndalitchula lonse dala. Amakhala pansanjika yachitatu m'nyumba yathu ino ku Perugia, chitseko chake chikuyang'anizana ndi changa, ndipo akafuna kundisumira akudziwa pogogoda. Mkazi wake Loredana anamuthandiza pa ntchitoyo, iye chida chake chinali misozi. Ine ndine Ersilia, mayi wamasiye. Sukulu ndinalekera ku pulayimale, koma maso anga sanalekere komweko.

Zinayambira patebulo, tsiku Lamulungu, Okutobala akupita kumapeto. Chimwalirireni mwamuna wanga Gino, Loredana amandiitana kamodzikamodzi kukadya nawo, kuti Mulungu awaone. Tsiku limenelo panalinso Rihab Ellouze, mtsikana wa ku Sfax, ku Tunisia, amene ankachita lendi kachipinda ka kuseri kwa khitchini yawo. Anali wochepa thupi, wamaso akuluakulu, ndipo Chitaliyana ankachilankhula ngati munthu wowoloka mtsinje poponda miyala: liwu limodzi, kuima, kuyang'ana popondanso.

Nkhani yake tonse tinkaidziwa. Bambo ake anagulitsa mbali ina ya munda wawo kuti iye abwere kuno. Ankafunika kukhoza mayeso a chilankhulo mu Disembala. Akakhoza, akalowa sukulu ya unamwino ndipo chilolezo chake chokhalira m'dziko muno chikawonjezedwa. Akalephera, kapena akajomba masiku ambiri n'kukanizidwa kulemba, ndiye kuti abwerera kwawo chimanjamanja. Lamulo la sukulu yawo linali limenelo, ndipo iye mwini anatiuza patebulo pomwepo, Fulvio akumva ndi makutu ake onse awiri.

"Taona, lero ndaphika nkhuku," anatero Loredana, akuika mbale. "Nkhumba ayi, chifukwa cha iwe. Ife m'nyumba muno timalemekeza anthu."

"Zikomo, mayi Loredana."

Fulvio anadula mkate, nathirapo mafuta a azitona, n'kumupatsa. "Lawa awa. A m'munda mwanga, ku Spello. Mitengo anasiya bambo anga."

Rihab anatafuna, namwetulira. "Ndi a chaka chatha."

"Aa! Wadziwa bwanji?"

"Kwathu tili ndi mitengo. Ndinayamba kuthyola ndili kamwana." Anatambasula dzanja, nasonyeza zala zitatu. "Timavala nyanga za nkhosa apa, apa ndi apa. Timapesa nthambi chonchi. Azitona amagwa, masamba amatsala."

Inali nthawi yoyamba kumuona akulankhula osapunthwa. Nkhope yake inawala. Koma ine ndinkayang'ana nkhope ya Fulvio, ndipo nayonso inawala. Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

"Loredana, wamva? Mulungu watitumizira mwana wa azitona m'nyumba, ife osadziwa!" Anasendeza mpando. "Mwana wanga, ndikuuze chilungamo. Chitaliyana cha m'kalasi ndi chakufa. Ndi nsomba youma. Chamoyo chili kumunda, pakamwa pa anthu. Tiye nafe tikathyole, Loweruka ndi Lamulungu basi. Udzabwerako ukulankhula ngati unabadwira kuno."

"Iwe Fulvio," ndinatero ine, poti ndinamudziwa akuvala kabudula, "kumunda kwakoko amalankhula Chitaliyana ndani? Mitengo?"

"Mayi Ersilia, idyani. Nkhuku ikuzizira."

Rihab anavomera asanameze n'komwe.

Loweruka ndi Lamulungu loyamba zinadutsa bwino. Kenako Fulvio anati ntchentche zalowa m'zipatso, tiwonjezere Lolemba. Kenako anati pa wailesi anena za mvula, tiwonjezere Lachiwiri. Ankanyamuka kusanache bwino pa kagalimoto kake koyera konunkha mafuta, Rihab kumbuyo pakati pa makreti ndi maukonde, buku lake lili m'thumba la jekete. Ati aziwerenga pa nthawi yopuma. Ine ndinathyolapo azitona ndili mtsikana. Nthawi yopuma ndi yoti uwongole msana ndi kutukwana amene anadzala mitengo paphiri.

Madzulo ena ndinamupeza atakhala pamasitepe, akulephera kutulutsa kiyi m'thumba. Zala zinali zakuda, zotupa, zong'ambikang'ambika.

"Lowa muno," ndinatero.

"Azakhali, ndili ndi homuweki."

Ankanditchula azakhali. Anati kwawo mayi wamkulu aliyense ndi azakhali, ndipo ine sindinakane, poti palibenso wina wonditchula choncho.

"Ndati lowa."

Ndinamutenthetsera madzi, naviikamo manja. Anatsinzina, mutu n'kuyamba kugwera kutsogolo.

"Usagone. Tandiuza Chitaliyana chamoyo chimene waphunzira lero."

Anaganiza. "Koka. Nyamula. Fulumira." Anatchulanso liwu lina lachinayi.

"Limenelo usadzalinene pamaso pa ansembe. Lina?"

"Palibe, azakhali. Makina ogwedeza nthambi amasokosa tsiku lonse. Palibe amene amamva mnzake. Ilir ndi abale ake amalankhula chakwawo, cha ku Albania."

Ilir ndiye anali mkulu wa aganyu a Fulvio chaka chimenecho. Iwowo ankagwira makina. Rihab, poti anali wopepuka komanso wodziwa, ankakwera makwerero kukapesa nthambi za pamwamba ndi chipeso cha pamanja, kumene makina safika. Mtsikana mmodzi ankagwira ntchito ya amuna awiri, ndipo Fulvio anali atachotsadi amuna awiri.

"Wajomba kangati kusukulu?"

Anayang'ana m'madzi.

"Mawa umuuze kuti ayi."

"Sindingathe."

"Bwanji? Liwulo sanakuphunzitseni? Ndi lalifupi kwabasi. Tanena, ayi."

Anaseka pang'ono, kuseka kotopa. "Azakhali, ndadya nawo mkate ndi mchere. Kwathu munthu amene wadya naye mkate ndi mchere sumusiya azitona ake ali mumtengo. Nthawi yokolola ikafika, mudzi wonse umapita. Safunsa n'komwe. Ukakana, amayi ako sangayende pamsewu."

"Mkate wa kuno ulibe ndi mchere womwe! Sunamve kuzizira kwake? Ndiponso lendi umalipira."

"Lendi ndi ya chipinda. Chakudya cha Lamulungu si cha lendi. Ndipo nditadwala mwezi watha, mayi Loredana anakhala pambali pa bedi langa, akundimwetsa msuzi ndi supuni."

"Msuzi umenewo ndinauona. Linali khosi la nkhuku ndi karoti mmodzi."

"Koma anakhala."

Ndinamupukuta manja, n'kumuuza kuti andiwerengere tsamba limodzi mokweza. Inali nkhani ya munthu wogula tikiti ya sitima. Munthuyo asanafike pawindo logulitsira, Rihab anali atagona, tsaya lili pabuku.

Masiku amenewo moyo wake unali wotero. Tsiku limene wapita kusukulu, ankakhala kumbuyo, pakati pa mtsikana wa ku China ndi bambo wina wa ku Brazil, n'kumalimbana ndi zikope. Anzake ankapita kukamwa khofi pabwalo lalikulu, kumeneko n'kumayeserera kulankhula, kulakwitsa, kusekana. Iye ankathamangira kunyumba kukachapa zovala za kumunda kuti ziume pofika m'mawa. Amayi ake akaimba foni kuchokera ku Sfax, ankawauza kuti zonse zili bwino, eni nyumba ndi anthu abwino, amamutenga ngati mwana wawo. Tsiku lina anawauzako za azitona. Amayiwo anakondwa. Anati, wachita bwino mwana wanga, asaone ngati sitinakulere. Sanadziwe kuti azitonawo akudya masiku a sukulu. Rihab sanawauze.

Ndiye aphunzitsi ake, mayi Donatella, anamuitanira pambali. Anamuuza mosabisa kuti malire afika. Akajombanso tsiku limodzi lokha, dzina lake lichotsedwa pa olemba mayeso a Disembala, ndipo iwo sangathe kulibwezera.

Rihab anafika kunyumba n'kuuza Fulvio. Ndinamva ndekha, poti chitseko chawo chinali chotsekula.

"Basi, basi, mwana wanga!" anatero Fulvio. "Sukulu patsogolo. Bwanji osandiuza kale? Watithandiza kokwanira. Zotsalazo Ilir amaliza."

Ndinapuma. Ndinaganiza kuti ndinamuweruza molakwa munthuyu. Kwa masiku angapo Rihab anapita kusukulu m'mawa ndi masana, ndipo madzulo ankabwera kwanga kudzasenda mbatata uku akundifotokozera za kalasi. Ndinkamukonza akaphonya, nayenso n'kumandikonza, poti ati Chitaliyana changa chili ndi zinthu zimene mulibe m'buku.

"Buku limenelo linalembedwa ndi anthu osaphika," ndinkatero.

Chakudza sichiimba ng'oma. Lachitatu Ilir ndi abale ake anachoka. Fulvio amalipira aganyu ndi mafuta, monga ankachitira bambo ake ndi agogo ake, ndipo amanyadira kuti akusunga mwambo. Koma Ilir ali ndi ana, ndipo mwana sungamugulire nsapato ndi mafuta. Munda wina waukulu kutsidya unkalipira ndalama, basi anapita. Anasiya mitengo ya pamwamba pa phiri yosathyola, ndi makreti odzadza pansi. Kuchigayo cha mafuta Fulvio anali atapatsidwa malo Lachinayi masana. Nyengo imeneyi aliyense amalimbirana chigayo. Ukaphonya tsiku lako umadikira sabata, ndipo azitona othyola sadikira, amatentha m'makreti n'kusasa. Mvula nayo inali itanenedwa kuti igwa Lachisanu.

Khoma la khitchini yanga ndi lawo ndi limodzi, lopyapyala ngati chikhulupiriro cha Fulvio. Madzulo amenewo ndinamva Loredana akulira. Sanapemphe kanthu. Mumvetsetse bwino pamenepa, pakuti ndi pamene pali luso lake lonse.

"Iwe pita kusukulu, mwana wanga," ankatero, akufwenthera. "Usatiganizire ife. Awole basi. Mitengo ya apongozi anga. Fulvio akuti akwera yekha makwerero ndi msana wakewo. Akagwa wagwa. Ndidzakhala ngati Ersilia, ndekhandekha. Iwe idya, taona ndakusungira ntchafu."

Fulvio ankangobuula pampando.



M'mawa ndinadzuka ndi kulira kwa injini. Ndinatsika masitepe ndi masilipasi, nditafunda jekete la malemu Gino. Kunja kunali chifunga. Rihab anali atakhala kale kumbuyo kwa galimoto, atakumbatira mawondo.

"Tsika," ndinatero.

"Azakhali..."

"Tsika, ndati. Iwe Fulvio, ulibe manyazi? Mwana wako Giulia ali ku yunivesite ku Bologna. Bwanji osamuitana iyeyo adzakwere mitengo ya agogo ake?"

"Giulia ali ndi mayeso."

"Ndiye uyu ali ndi chiyani? Chikondwerero?"

"Mayi Ersilia, musadzutse msewu wonse. Lero kalasi yake ndi ya masana. Tikungokapesa mitengo ingapo, ndimubweza ine ndemwe belu lisanalire. Ndikulumbira pa manda a bambo anga."

"Bambo ako ndinawadziwa. Nawonso ankalumbira pa manda a eni."

"Mwana wa mnzako ndi wako yemwe, mayi. Ine ndingamupweteke uyu?"

"Malizitsa mwambiwo. Ukachenjera manja udya naye. Iwe ukudya iyeyo."

Anaseka, nakwera galimoto. Ndinagwira chitseko cha kumbuyo. Rihab anaika dzanja lake pa langa. Linali lozizira.

"Ndavomera kale, azakhali. Ndibwera masana. Alonjeza."

Ndinasiya chitseko. Ndikanatani, kumukoka tsitsi?

Zimene zinachitika kuphiriko Rihab anandiuza yekha pambuyo pake. Anapesa mitengo m'mawa wonse, Fulvio ali pansi akukoka maukonde ndi dzanja limodzi, lina lili pamsana. Dzuwa litakwera, Rihab anatsika n'kunena kuti nthawi yakwana. Fulvio anayang'ana kumwamba, nayang'ana mzere umodzi wotsala.

"Uwu wokha. Tiusiyire mvula? Ndi tchimo, mwana wanga. Iwe ukudziwa bwino kuposa ine."

Anakweranso. Atamaliza, anapakira makreti. Pamenepo Fulvio anaona wotchi n'kugwira mutu. Akapita kaye ku Perugia aphonya malo kuchigayo. Ayambe wakatula katundu, si patali, akangosiya basi anyamuka. Kuchigayo anapeza mzere wa mathirakitala mpaka kumsewu. Fulvio anati sangachoke pamzere, akachoka wina alowa, ndiponso munthu wanzeru sasiya azitona ake m'manja mwa achigayo, angamusinthire ndi a wina. Basi sifika kumeneko. Rihab anakhala pa kreti, buku lili pamiyendo, akuona dzuwa likupendeka. Anafunsa kamodzi kokha.

"Bambo Fulvio, kalasi yayamba."

"Usadandaule! Ine ndidzapita ndekha kukaonana ndi aphunzitsi ako. Ndagwira ku positi moyo wanga wonse, ndani sandidziwa m'tauni muja? Bwera udzaone, mafuta ayamba kutuluka. Taona kubiriwira kwake!"

Anapita kukaona. Anati analidi obiriwira.

Lachisanu mvula inagwa monga ananenera. Fulvio sanadzuke, ati msana wagwira. Ndinavala chikhoti changa cha kumaliro n'kumuperekeza Rihab kusukulu. Tinakwera zitunda zonse za Perugia mvula ikutimenya, ine ndikupuma pa ngodya iliyonse. Mayi Donatella anatilandira m'kakhonde. Anali mayi wotopa, wa choko m'manja, osati woipa.

"Rihab, ndinakuuza."

"Munandiuza, aphunzitsi."

"Amayi," ndinalowerera ine, "mwanayu sanali kovina. Taonani manja akewa. Anamunamiza munthu wamkulu, wa ndevu zake."

"Ndikukhulupirira, mayi. Chaka chilichonse Novembala amanditengera ana awiri kapena atatu. Koma lamuloli si langa. Masiku amalembedwa, ndipo amene amapereka chilolezo amayang'ana masikuwo. Ndikamulembera kuti analipo pamene panalibe, mawa ine ndi amene ndikhala pamsewu."

"Ndiye mumufunse mafunso pompano! Mumve mmene akulankhulira!"

"Akulankhula bwino kuposa theka la kalasi. Si pamene pali vuto."

Ndinakalipa. Ndinanena zinthu zokhudza sukuluyo, boma, ndi makolo a amene analemba lamulolo. Ana a sukulu anasuzumira m'zitseko. Rihab anandigwira mkono.

"Azakhali, tiyeni. Mukudwalitsa mtima."

Mayeso ena anali a chaka chamawa. Chilolezo chake chinkatha mu Januwale. Kuti ayambirenso panafunika munda wina woti bambo ake agulitse.

Lamulungu lotsatira Fulvio anachira. Anaitana nyumba yonse kudzalawa mafuta atsopano, monga timachitira chaka ndi chaka. Anawotcha mkate pamakala, n'kupakapo adyo, n'kuthira mafuta mpaka kuyenderera m'zala. Kunabwera a pansanjika yoyamba, a yachiwiri, ngakhale a dokotala a pamwamba amene sapereka moni. Ine ndinapita chifukwa Rihab anandipempha.

Fulvio anagogoda tambula ndi foloko. "Anzanga, chaka chino mafutawa si anga ndekha. Pakanapanda mtsikana wathu wa ku Sfax, bwenzi tikudya mkate wouma. Ife kuno wothyola timamupatsa gawo lake. Ndi mwambo wa makolo." Anatulutsa chigubu chachitsulo n'kumuikira m'manja. Anthu anawomba m'manja. Loredana anapukuta msozi.

"Uwauzenso za mayeso," ndinatero.

Manja analeka.

"Mayi Ersilia..."

"Uwauze kuti mwanayu akubwerera kwawo chifukwa cha mzere umodzi wa mitengo. Uwauze za manda a bambo ako. Uwauze tsiku limene unapita kukaonana ndi aphunzitsi."

"Zimenezo zandipweteka ine kuposa wina aliyense," anatero Fulvio, dzanja lili pachifuwa. "Ndapepesa kale."

"Pepani sapoletsa chilonda."

"Koma kodi ndinamukakamiza? Ndinamumanga chingwe? Ali pompano, mufunseni. Rihab, mwana wanga, ndinakukakamiza?"

Maso onse anatembenukira kwa iye. Anaima pakati pa chipinda, chigubu chikumulemera, mafuta a mkate akunyezimira pamilomo ya anthu. Ndinkayembekeza. Anali ndi mawu okwanira tsopano, ndinkadziwa, ena ndinamuphunzitsa ndine. Anayankha m'Chitaliyana chosalala, chopanda kupunthwa paliponse.

"Ayi, bambo Fulvio. Simunandikakamize."

Chipinda chonse chinapuma. A dokotala anatenga mkate wina. Wina anafunsa ngati chaka chino mafuta akuwawa kukhosi kuposa chaka chatha. Potuluka aliyense anapatsidwa kabotolo, ndipo aliyense analandira. Langa ndinalisiya patebulo.

Rihab anakhalabe mpaka Khirisimasi itadutsa, poti lendi inali italipiridwa kale. Ankapitabe kukalasi tsiku lililonse, osajomba, ngakhale zinalibenso ntchito. Tsiku la mayeso anaperekeza mnzake wa ku China mpaka pachitseko, n'kubwerera kudzandithandiza kupukuta mawindo. Ndinamuuza kuti asamukire kwanga, agone pasofa, asalipire kanthu.

"Vuto si pogona, azakhali."

Ndinkadziwa. Ndinangofuna kunena kanthu.

M'mawa wa tsiku lonyamuka ndinamupeza akulonga chikwama. Ankapita pa basi mpaka kudoko, kenako sitima ya pamadzi mpaka ku Tunis. Mabuku anawaika pansi penipeni.

"Bambo ako ukawauza chiyani?"

Anapinda juzi, nalipindanso. "Ndikawauza kuti ndinalemba, ndinalephera. Kuti Chitaliyana ndi chovuta, mutu wanga ndi wouma."

"Wapenga? Ukawauze zoona! Ukawauze dzina lake!"

"Azakhali, bambo anga anagulitsa mitengo imene anadzala agogo. Tsiku limene ogula anabwera, sanadye. Ndikawauze kuti ndalama za mitengo yawo ndinakathyolera mitengo ya munthu wina?" Anapukusa mutu. "Mwana wopusa angathe kumupirira. Zinazo ayi. Ndipo amayi adzadziwa kuti iwo ndi amene anati ndachita bwino."

"Ndiye usenze iwe wekha?"

"Kwathu akukolola tsopano. Manja akusowa. Sadzakhala ndi nthawi yofunsa zambiri."

Anatseka chikwama. Pakhomo Loredana anali akulira kale. Rihab anamupsompsona masaya onse awiri, nathokoza chifukwa cha chakudya, chifukwa cha msuzi, chifukwa chomutenga ngati mwana. Fulvio anamugwira chanza n'kumuuza kuti nyumba ino ndi yake nthawi iliyonse. Anati akanamuperekeza pa galimoto, koma msana. Ndinanyamula kachikwama kakang'ono, tinatsika limodzi mpaka pokwerera basi. Basi itafika anandikumbatira, nakwera, nakhala mbali ya kutali ndi windo.

Pamasitepe athu anthu amandilambalala tsopano. Ati ndine nkhalamba yolongolola, ndinawononga phwando. A pansanjika yachiwiri anandiuza m'maso kuti mtsikanayo anali wamkulu, pakamwa anali napo, akanakana. A dokotala ati ndi kusiyana kwa zikhalidwe, palibe wolakwa. Ndatopa kukangana nawo, miyendo yanga siyilolanso kuima nthawi yaitali pamasitepe. N'chifukwa chake ndalemba, ndi dzanja langa lokhotakhotali, kuti ndifunse inu.

Inu amene mukuti akanakana, munakhalapo m'dziko la eni, kiyi wa eni ali m'thumba, mawu anu ali ochepa ngati a mwana, mayi wa nyumba akulira kuseri kwa mbale imene wakuikirani? Mtsikanayu amayi ake anamuphunzitsa kuti wokudyetsa sumutaya. Kodi amayiwo ndi amene analakwa? Tiyambe kulera ana athu kuti azidya n'kupukuta pakamwa, kuti a Fulvio asawapezerere? Kapena wolakwa ndi munthu amene anaona ulemu wa mwana wa eni utapsa panthambi, n'kuyala ukonde pansi?

Musandiuze kuti ndi nkhani yovuta. Si yovuta. Ndiyankheni.